Mtengo wa kudumpha mzere

M'mwezi wa Marichi 2023, timu ya Carolina Panthers inali pa nambala 9 pamzere wosankhira osewera atsopano mu ligi ya NFL ku America. Akuluakulu ake sanafune kudikira. Anagogoda kwa Chicago Bears, amene anali pa nambala 1, ndipo anagwirizana zosinthana malo. Pamwamba pa nambala 9 ija, Carolina inapereka katswiri wake wowakha mpira, DJ Moore, nambala 61 ya chaka chomwecho, mwayi wake wa ndime yoyamba wa 2024, ndi wa ndime yachiwiri wa 2025. Zonsezi pofuna mnyamata mmodzi, Bryce Young. Chaka chimenecho Carolina inapambana masewero 2 n'kugonja 15, kukhala chitseka khomo mu ligi yonse. Mwayi wa 2024 umene inapereka uja unasanduka nambala 1, ndipo Chicago inatengera pamenepo Caleb Williams.

Ntchito yanga ndi masamu a masewera: kuwerengetsa kuti wosewera, kapena mwayi wosankha wosewera, ndi wa mtengo wanji. Mwezi wa Epulo ukamayandikira, okonda mpira wachimerekawu amandifunsa funso limodzi lomwelo: kodi timu yathu ipereke zimene ili nazo kuti ikwere pamzere? Ambiri amayesa kuti ife owerengetsa tili ndi kompyuta imene imauza mabwana kuti mnyamata uyu adzakhala katswiri, uyo ayi. Tilibe. Chimene timadziwa bwino ndi kukula kwa umbuli wa aliyense pa nkhaniyi, ndipo mtengo timauwerengetsera pamenepo.

Kwa amene anazolowera mpira wamiyendo, ndifotokoze kaye mmene zimakhalira. Kwathu kuno, monganso ku England, timu ikafuna wosewera imakamugula, ndipo wathumba lalikulu ndiye amatenga wabwino. Mu NFL muli matimu 32, palibe yotuluka mu ligi, ndipo anyamata ochokera ku makoleji salowa pogulidwa. Amasankhidwa pa mwambo wa draft, umene uli ndi ndime 7. Timu imene yachita moipa kwambiri imayamba kusankha, yotenga chikho imasankha pomaliza. Komanso ligi imaika malire a ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake. Mu 2024 malirewo anali $255.4 miliyoni. Choncho mwayi wosankha ndi chuma chenicheni, ndipo umagulitsidwa, wa chaka chino ngakhalenso wa zaka zakutsogolo.

Pogulitsana pamafunika mitengo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, timu ya Dallas Cowboys, pansi pa mphunzitsi Jimmy Johnson, inakonza tchati chopatsa nambala iliyonse mapointi. Amene anachita masamu ake anali Mike McCoy, mmodzi mwa eni timuyo. Nambala 1 anaipatsa mapointi 3,000, nambala 2 anaipatsa 2,600, nambala 16 anaipatsa 1,000, ndipo nambala 32 ndi 590. Aphunzitsi ochoka ku Dallas anafalitsa tchaticho m'matimu ena mpaka chinakhala ngati lamulo. Koma onani chimene McCoy anachita: anayang'ana malonda amene matimu anali atapangana kale, n'kulemba mitengo imene anthu ankalipira. Sanayeze ngati osewera otengedwa pa manambalawo anachitadi bwino molingana ndi mtengowo. Tchaticho chimanena kuti nambala 1 ikufanana ndi manambala 32 okwana asanu. Kodi mnyamata woyamba kusankhidwa amabweretsadi phindu la anyamata asanu a kumapeto kwa ndime yoyamba?

Funsoli analiyankha akatswiri awiri a zachuma, Cade Massey ndi Richard Thaler, mu kafukufuku wotchedwa The Loser's Curse, amene anayamba kufalitsidwa mu 2005. Thaler ndi yemwe uja anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2017. Pa zonse zimene anapeza, chiwerengero chimene ndimafuna munthu aliyense wokonda mpira atachisunga pamtima ndi 52. Tengani osewera awiri osewera malo ofanana m'bwalo, mmodzi wasankhidwa, winayo ndiye wotsatira kusankhidwa pa malo amenewo. Mwayi woti woyambayo achite bwino kuposa wachiwiriyo ndi 52 pa 100. Matimu ali ndi anthu ofufuza osewera amene amayenda m'makoleji chaka chonse, madokotala, mafilimu a sewero lililonse, mayeso a liwiro ndi a nzeru, koma pofika posiyanitsa anyamata awiri oyandikana, amangoposa pang'ono munthu wongolota.

Musandimve molakwa. Sizikutanthauza kuti ofufuzawo sadziwa kanthu. Osewera a ndime yoyamba, mukawatenga onse pamodzi, amaposadi a ndime yachitatu, ndipo a ndime yachitatu amaposa a ndime yachisanu ndi chimodzi. Tom Brady, amene anatengedwa pa nambala 199 mu 2000 n'kudzapambana chikho cha ligiyi, Super Bowl, kasanu ndi kawiri, ndi nkhani yokoma pocheza koma si umboni wa chilichonse. Vuto lili apa: timu yokwera pamzere siikugula wosewera wa ndime yoyamba m'malo mwa wa ndime yachitatu. Ikulipira kuti itenge uyu osati wotsatira wakeyo. Ikugula kusiyana kwa 52 ndi 48 pa mtengo wa munthu amene ali wotsimikiza.

Pa nthawi imene Massey ndi Thaler ankalemba, panalinso nkhani ya malipiro. Wosankhidwa koyamba ankalandira ndalama zochuluka asanaponde m'bwalo, mwakuti ukachotsera malipiro pa ntchito imene anagwira, phindu lalikulu linkapezeka kumapeto kwa ndime yoyamba ndi kumayambiriro kwa yachiwiri. Sam Bradford mu 2010 anasayina kontirakiti ya $78 miliyoni ya zaka 6. Pangano la pakati pa ligi ndi osewera la 2011 linadula zimenezi, ndipo Cam Newton, nambala 1 wa chaka chimenecho, analandira pafupifupi $22 miliyoni ya zaka 4. Kusinthaku kunachepetsa mphamvu ya mfundo ya malipiro. Chiwerengero cha 52 chija sikunachikhudze.

Tsopano tifike pamene pamandidetsa nkhawa, pa mwayi wa zaka zakutsogolo. Mwa chizolowezi cha mu ligi, ukafuna mwayi wa ndime yachitatu chaka chino, umapereka wa ndime yachiwiri wa chaka chamawa. Pa tchati cha Johnson, pakati pa ndime yachitatu ndi mapointi 190, pakati pa ndime yachiwiri ndi 420. Wabwereka 190, ubweza 420 pakatha miyezi 12. Ameneyu ndi katapila, ndipo matimu a mabiliyoni a madola amamutenga maso ali gwa.

Amamutenga chifukwa amene amasayina si amene adzabweze. Bwana woyendetsa timu kapena mphunzitsi amene wagonja zaka ziwiri zotsatana amadziwa kuti chaka chachitatu mwina sachiona. Kwa iye mwayi wa zaka zakutsogolo ndi wa munthu wina. Mu 1999, Mike Ditka wa New Orleans Saints anapereka kwa Washington mwayi wonse umene timu yake inali nawo chaka chimenecho, kuphatikiza wa ndime yoyamba ndi yachitatu wa 2000, kuti achoke pa nambala 12 kufika pa 5 n'kutenga Ricky Williams. Saints inapambana masewero 3 n'kugonja 13, Ditka anachotsedwa ntchito, ndipo ngongole inatsalira omulowa m'malo. Ndikamaunika malonda otere, ndisanayang'ane n'komwe dzina la wosewerayo, ndimayamba ndafunsa kuti mpando wa wosayinayo ukugwedezeka kapena ayi.

Koma chinthu chimene tchati chilichonse chimabisa, ndipo ndicho ndinalembera nkhani ino, n'chakuti mtengo wa mwayi wakutsogolo sudziwika pa tsiku logulitsana. Umadalira mmene timu yako idzasewerere. Wosewera amene wamukwerera akachita bwino, timu imapambana, mwayi umene unapereka umagwera kumapeto kwa ndime, ndipo walipira zochepa. Akalephera, timu imagonja, mwayi uja umakwera pamwamba, ndipo walipira zochuluka pa chinthu chimene sichinakuthandize. Ngongole yake imakula pa nthawi yomwe walemba m'madzi. Carolina mwina inkawerengera kuti ikupereka nambala ya pakati, ya mapointi ngati 1,000. Inapereka 3,000. Washington nayo inakumana nazo: mu 2012 inachoka pa 6 kufika pa 2 pofuna Robert Griffin III, n'kupatsa St. Louis Rams mwayi wa ndime yoyamba wa 2013 ndi 2014 komanso wa ndime yachiwiri wa 2012. Griffin anawala chaka choyamba, anavulala bondo mu Januwale 2013, ndipo mwayi wa 2014 uja unakakhala nambala 2.

Ndikanena zimenezi pamakhala wina woimika dzanja n'kutchula Patrick Mahomes. Amanena zoona. Mu 2017, Kansas City Chiefs inachoka pa nambala 27 kufika pa 10, n'kupatsa Buffalo Bills mwayi wa ndime yachitatu ndi wa ndime yoyamba wa 2018. Mahomes wawabweretsera chikho cha Super Bowl katatu, mu 2020, 2023 ndi 2024. Malonda okoma kuposa amenewa ndi ovuta kuwapeza. Koma taonani amene anagula. Chiefs inali itangopambana masewero 12 pa 16. Inali kale ndi quarterback (woponya mpira) wodalirika, Alex Smith, ndi mphunzitsi wokhazikika, Andy Reid, kotero Mahomes anakhala pabenchi pafupifupi chaka chathunthu akuphunzira. Timu inapitiriza kupambana popanda iye, ndipo mwayi wa 2018 umene inapereka unagwera pa nambala 22, mapointi 780. Mahomes akanalephera, Chiefs ikanamva kuwawa koma sikanagwa.

Usiku womwewo wa draft ya 2017, Chicago Bears inapereka manambala atatu owonjezera kuti ikwere sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 3 kufika pa 2, n'kutenga Mitchell Trubisky, Mahomes akadali pamzere. Akuluakulu a Chicago analinso otsimikiza mtima chimodzimodzi ndi a Kansas City.

Mwaona kuti pafupifupi mayina onse amene ndatchula ndi a quarterback, wosewera amene amalandira mpira pa chiyambi cha sewero lililonse n'kusankha kokauponya. Apa pokha ndi pamene masamu anga amalolera kukwera. Quarterback wodziwika bwino masiku ano amalandira zoposa $50 miliyoni pa chaka, pamene wongotengedwa kumene amalandira kagawo kochepa ka ndalama zimenezi kwa zaka zinayi. Ukapeza wabwino pa draft, ndalama zotsalazo umalipira osewera ena aluso. Phindu lake ndi lalikulu mwakuti ngakhale mwayi wopambana utakhala wosakwana theka, kuyesa kumakhalabe kwanzeru. Kwa wosewera wa malo ena, timu imafunika anthu 22 oyambira ndi 53 pa mndandanda wonse, ndipo kutaya manambala anayi pofuna munthu mmodzi ndi kusiya mabowo anayi.

Ngakhale pa quarterback pomwepo, timu yolimba ndiyo imalakwitsa motchipa. San Francisco 49ers mu 2021 inachoka pa 12 kufika pa 3, n'kupatsa Miami Dolphins mwayi wa ndime yoyamba wa 2022 ndi 2023 komanso wa ndime yachitatu, pofuna Trey Lance. Lance anangoyamba masewero 4, kenako anamupereka ku Dallas posinthana ndi mwayi wa ndime yachinayi. Kulephera kotheratu. Komabe timu inali yamphamvu, manambala amene inapereka anagwera kumapeto kwenikweni kwa ndime, ndipo Brock Purdy, munthu womaliza kusankhidwa mu 2022 pa nambala 262, anaifikitsa ku Super Bowl mu Febuluwale 2024.

Anzanga ena owerengetsa amafika pomanena kuti kutsika pamzere n'kwabwino nthawi zonse. Ine pamenepo sindifikapo. Mu 2011 Atlanta Falcons inapereka manambala asanu kwa Cleveland Browns kuti itenge Julio Jones pa nambala 6. Pa pepala Cleveland inadya bwino. Jones anakhala mmodzi mwa owakha mpira opambana a m'badwo wake, pamene osewera amene Cleveland inatenga ndi manambala aja palibe amene anasiya mbiri. Masamu amanena za malonda 100 ukawaphatikiza pamodzi, koma bwana wa timu amapatsidwa mpata wochita atatu kapena anayi asanaweruzidwe.

Ndipo wogulitsa nayenso amasenza mtolo umene suoneka pa tchati. Buffalo, itasiya nambala 10 ija, inatenga Tre'Davious White pa nambala 27, wotchinga kumbuyo amene anakhala katswiri weniweni. Chaka chotsatira inakwera yokha pamzere, kawiri, mpaka nambala 7, n'kupeza Josh Allen, quarterback amene timu iliyonse ingamulakelake. Ndikawerengetsa mmene ndinaphunzirira, Buffalo sinalakwitse paliponse. Koma pakati pa Januwale 2021 ndi Januwale 2025, Buffalo inakumana ndi Kansas City kanayi mu ndime ya chipulula yopita ku Super Bowl, ndipo maulendo anayi onsewo anaitulutsa ndi Mahomes.