Ana a laputopu pa zitunda za ku Tsangano

Ku Tsangano kuli mkulu wina amene wakhala akukonza galimoto kuyambira nthawi ya Kamuzu. Poyeza injini amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pachitsulo, chigwiriro n'kuchitsamiza kukhutu. Akamva zimene wamva, amapotoza pang'ono kasikulu ka pa kabureta, injini n'kuleka kutsokomola. Ma Land Rover, ma Datsun ndi ma Peugeot 404 ankachira choncho. Koma m'mawa wina mu June, kuli chisanu chija choumitsa zala, ndinamupeza ataima manja ali m'thumba kutsogolo kwa Subaru Impreza WRX ya mnyamata wa ku Lilongwe amene amagula kachewere kuderali.

“Iyi ilibe pogwira, achimwene,” anatero mkuluyo. “Itanani ana a laputopu.”

Dandaulo la mwini galimoto linali lachilendo. Sankati galimoto yachepa mphamvu, ankati yachuluka. Miyezi ingapo m'mbuyomo anakaipereka kwa munthu wina m'tauni kuti aiwonjezere moto. Pa phula la M1 inkauluka. Koma akangopatuka pa Tsangano Turn-off kulowa msewu wa ku Neno ndi ku Mwanza, umene anthu akhala akuulira phula kwa zaka zambirimbiri, zinthu zinkasokonekera. Ali kumbuyo kwa lole yodzaza kabichi, pa giya wani kapena thu, akaponda pang'ono galimoto inkangoti zii. Akawonjezera, turbo inkadzuka mwadzidzidzi, matayala n'kumwaza miyala, kilatchi n'kuyamba kununkha. Iye ankangofuna galimoto yomvera phazi.

Chimene amakaniko amachitcha kompyuta bokosi, kapena ECU, ndi kabokosi kobisika pansi pa dashibodi kapena pafupi ndi injini. Kamalandira uthenga kuchokera ku masensa: mpweya wolowa ndi wochuluka bwanji, madzi atentha motani, injini ikuzungulira kangati, utsi uli ndi okosijeni wotani. Kenako kamagamula kuti mafuta athiridwe angati ndiponso pulagi ithetheke nthawi yanji. Zigamulozo zili m'matebulo a manambala otchedwa mapu, ndipo kusintha manambalawo ndiye rimapu. Kampani ya Bosch inayamba kuika mafuta ndi moto pansi pa kompyuta imodzi mu 1979, m'galimoto za BMW. Kuyambira 1996 dziko la America linalamula kuti galimoto iliyonse yatsopano ikhale ndi kasoketi ka mabowo 16 kotchedwa OBD-II, ndipo maiko ena anatsatira. Kasoketi kameneka, kamene kamakhala chapansi pa chiwongolero, ndi kamene kabala ntchito yatsopano ya ana a laputopuyi.

Manambala a mu Subaru ija analembedwa ndi anthu amene sankaganiza za mapiri a Kirk Range. Galimoto zaliwiro za ku Japan anazikonzera petulo wa okiteni wokwera, amene wa m'mapampu athu samufika. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo pambuyo pake panabwera ina ku Chikwawa. Kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti ipse bwino, pomwe ya ethanol imafuna pafupifupi 9 okha. Onjezanipo mafuta a m'zigubu amene amagulidwa m'mbali mwa malire ndi Mozambique mapampu akauma, amene palibe wodziwa chimene chathiridwamo. Kumtunda nakonso mpweya ndi wopepuka: injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse amene yakwera. Kompyuta imadzikonza yokha pa zambiri mwa izi, koma ili ndi polekezera. Munthu akaikankhira kale kumapeto pofuna mahatchi ambiri, malo odzikonzera amatha.

Ochita ntchitoyi amachita kuitanidwa kuchokera ku Ntcheu boma, ku Dedza, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo si onse ofanana ngakhale onse amanyamula chikwama chakumsana. Ambiri ndi amawaya amene anagula kamakina koyezera ka Launch kapena Autel. Amalumikiza, amawerenga khodi, P0171 kutanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, P0300 kutanthauza kuti injini ikuphonya moto, ndipo abwino amayamba kufufuza gwero lake. Oipa amangofufuta khodi, nyali ya check engine n'kuzima, ndalama n'kulowa m'thumba. Mwini wake asanafike pa Lizulu nyali yayakanso. Amene amatsegula mapu n'kusintha manambala akudziwa chimene akuchita ndi owerengeka.

Umakaniko weniweni amauphunzira m'makoleji monga Lilongwe Technical, Soche ndi Nasawa, pansi pa dongosolo la TEVETA lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, kapena pagalaja ya amalume kuyambira pakutsuka masipanala. Za mapu zokha ambiri anazitola pa YouTube, m'magulu a WhatsApp, ndipo ena ku Joni. Ulendo wa ku Joniwo uli ndi phindu limene anthu saliganizira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho amene anagwirapo m'magalaja akumeneko amabwera akudziwa kale zimene mpweya wopepuka umachita ku injini. Ku Pretoria ndi kumene kampani ya Dastek inapanga Unichip, kabokosi kolumikiza pambali pa kompyuta bokosi kuti usinthe mafuta ndi moto osakhudza mapu a kufakitale.

Zida zodziwika ndi KESS ndi K-TAG za kampani ya Alientech ya ku Italy, ngakhale zambiri zimene zili m'zikwama kuno ndi zongotengera, zochokera ku China. Fayilo ya mapu nthawi zina amachita kugula pa intaneti kwa munthu amene galimotoyo sanaionepo. Ngozi yaikulu ndi batire. Ikafooka fayilo ili mkati molembedwa, bokosi limafa, galimoto osalizanso, ndiye kuyamba kusaka lina m'masitolo a zida zakale. N'chifukwa chake wodziwa ntchito salemba kanthu asanasunge fayilo yoyambirira ndiponso asanalumikize batire yachiwiri.

Tinene zoona, galimoto zaliwiro sizidyetsa munthu kuno. Eni ake amapempha kuchotsa malire a liwiro a makilomita 180 pa ola amene galimoto za ku Japan zimabwera nawo, ngati kuti pali msewu wothamangapo chotero. Ndalama zili pa ma Hilux, ma Canter ndi ma Dyna onyamula matumba. Adizilo atsopano ali ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa injini ikathamanga nthawi yaitali ili yotentha. Lole yongokwawa kuchoka kumunda kupita pamsika siipeza mpata umenewo. Sefa imatsekeka, kompyuta n'kuchepetsa mphamvu, lole n'kumalephera chitunda. Mankhwala ofala ndi kugumula sefayo n'kuuza kompyuta kuti iiwale. Mlimi amasangalala, ndipo ndimamumvetsa, chifukwa sefa yatsopano ndi yodula koopsa. Koma mwaye umene unkatsalira m'sefa tsopano ukupumidwa ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Kampani ya Volkswagen inagwidwa mu September 2015 itanamiza zoyezera utsi kudzera mu kompyuta ya galimoto pafupifupi 11 miliyoni, ndipo inalipira mabiliyoni a madola. Kuno zofanana nazo zimachitikira pansi pa mtengo, masana.

Mnyamata amene anaitanidwa tsiku lija anafika pa njinga yamoto ya kabaza chakumasana, laputopu ataikulunga m'chitenje kuopa fumbi. Anasunga fayilo, anayang'ana manambala injini ikulira, n'kunena kuti mpweya wina ukulowa mosawerengedwa. Poti ukulowera pati, laputopu sinanene. Mkulu uja anawerama, anatchera khutu, n'kuloza paipi yong'aluka kuseri kwa injini.

“Madala, mwandipulumutsa,” anatero mnyamatayo. “Ndikanakonza manambala pa galimoto yodontha.”

Paipi itasinthidwa ndi pomwe anatsegula mapu. Anatsitsa mphamvu ya turbo, anachedwetsa pang'ono moto wa mapulagi kuti injini isamagogode ikamwa petulo wofooka, anasalaza tebulo la phazi kuti kuponda pang'ono kuzipereka pang'ono. Makina oyezera mphamvu amene ochuna galimoto a m'maiko ena amadalira panalibe. Anakweza matumba atatu a kachewere kumbuyo, iye n'kukhala pampando wakumanzere laputopu ili pamiyendo, ndipo anakwera chitunda chimodzimodzicho kanayi, akuima pamwamba kusintha nambala imodzi kapena ziwiri. Ulendo wachinayi galimoto inakwera pa giya thu osadumpha.

Mwini wake anafunsa kuti mahatchi atsala angati. Mnyamatayo anamuuza kuti achepa, n'kumupatsa fayilo yakale ija pa fulashi kuti aisunge. Mkulu uja analipiritsa paipi ndi makilampu awiri, kenako anabwerera ku thalakitala imene anaisiya itatsegulidwa m'mawa.