Impso za amalume zinatha mwakachetechete

Nkhani ya amalume anga inayambira pa nsapato. Anadandaula kuti zikuwathina, ife n'kumaseka kuti ndalama za minibasi zayamba kuoneka. Patapita masabata angapo nkhope nayo inayamba kutupa m'mawa, chakudya osachifuna, usiku thupi kumangoyabwa. Agogo anati mwana wawo walodzedwa. Kuchipatala atayeza magazi, adokotala anatiuza kuti impso zonse ziwiri zatsala pang'ono kusiyiratu ntchito.

"Koma amalume, simunkamva kupweteka?" ndinawafunsa.

"Mphwanga, kupweteka kwake kuti? Msana basi, ngati dalaivala aliyense."

Vuto la impso lagona pamenepo. Tiziwalo tiwiriti, tooneka ngati nyemba, chilichonse kukula kwake ngati chibakera, timasefa magazi usana ndi usiku, kuchotsa zoipa ndi madzi osafunika kudzera mu mkodzo. Zikamaonongeka pang'onopang'ono sizipweteka. Madokotala amagawa matendawa m'magawo 5, ndipo ambiri amadzazindikira ali pa gawo 4 kapena 5, pomwe choonongeka sichingabwererenso.

Titafufuza m'mbuyo, zinaoneka kuti matenda anayamba kale. Zaka zisanu zapitazo anawapeza ndi BP yokwera. Anamwa mankhwala mwezi umodzi, atamva bwino anasiya. Msana ukavuta ankagula brufen kapena diclofenac, kumeza awiri, ulendo wa ku Limbe n'kupitirira. BP ndi shuga ndiye adani akulu a impso, ndipo mapilitsi amenewa akamamwedwa pafupipafupi amawonjezera moto. Mankhwala azitsamba osadziwika mlingo wake, aja otsatsidwa pa Facebook kuti "amatsuka m'thupi", nawonso ena amapweteka impso zomwezo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti kuyeza kwake si kovuta. Kapepala koviika mu mkodzo kamaonetsa ngati impso zikutaya protein, zomwe nthawi zina zimachititsa mkodzo kuchita thovu kwambiri. Magazi amayezedwa creatinine, chinthu chomwe impso zabwino zimataya. Ikachuluka ndiye kuti sefa yafooka. Matenda akapezeka msanga, kuwongolera BP ndi shuga, kuchepetsa mchere komanso kumwa mankhwala oteteza impso kungathe kuwachedwetsa kwa zaka zambiri. Palinso kulephera kwa impso kwadzidzidzi, kobwera ndi malungo aakulu, kolera kapena kutaya magazi ambiri pobereka. Kumeneko munthu akathandizidwa mwachangu nthawi zambiri impso zimadzukanso.

Amalume anadutsa kale pamenepo. Panopa moyo wawo uli pa dialysis ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Magazi amatuluka pa kapaipi, kulowa m'makina, kusefedwa, n'kubwerera m'thupi. Ulendo umodzi ndi maola pafupifupi 4, kangapo pa sabata, mpaka kalekale. Dialysis sichiza, imangogwira ganyu ya impso. Madzi akumwa amachita kuyeza, mchere ndi wongolawitsa, nthochi zomwe ankazikonda anawaletsa chifukwa cha potassium. Minibasi anaisiya.

Komabe iwo ndi amwayi, poti amakhala mu Blantyre momwemo. Tsiku lina pa benchi ndinacheza ndi mayi wina amene anasiya munda ndi ana kumudzi n'kudzakhala kwa achibale m'tauni, kuti akhale pafupi ndi makina. M'zipatala za boma makinawa ndi ochepa, odziwika ndi a ku Gulupu ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pomwe ofuna thandizo ndi ambiri. Kuika impso ina, komwe kumamasula munthu ku makina, odwala athu amakachitira kunja, makamaka ku India, ndipo ndalama zake banja ngati lathu silingazione. Apa boma likanalimbikira kwambiri kuyeza mkodzo ndi BP m'ma health centre, chifukwa kapepala kaja mtengo wake sungafanane ndi wa tsiku limodzi pa makina.

Lachiwiri lapitali nditawaperekeza, ndinati nanenso ndiyezetse, mongocheza. Mkodzo unali bwinobwino. BP inali 142/90, ine wa zaka 26, amene ndimadziona ngati chitsulo. Anamwino anangondiyang'ana n'kulemba m'buku kuti ndibwerenso pakatha masabata awiri.