Agogo Akayamba Kuiwala Njira ya Kwawo

Mu ubongo muli maselo pafupifupi 86 biliyoni otumizirana uthenga ndi timphamvu ta magetsi, ngati seketi ija timalumikiza mu labu. Matenda a dementia amawononga maselowa pang'onopang'ono, uthenga n'kumathera panjira. N'chifukwa chake agogo amatha kusochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni, anthu n'kumakuwa kuti mfiti yagwa. Ayi ndithu, akudwala.

Mankhwala ochiziratu kulibe, komabe pitani nawo kuchipatala, chifukwa kusokonezeka kwina kumabwera ndi matenda ochizika. Akafunsa funso lomwelo kasanu, ayankheni modekha, sakuchitira dala.

Nanga amayi anu amene amawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku lililonse? Amatopatu. Loweruka alandireniko, nawonso akagoneko tulo.