Ku ngoma timawafupa, nanga kusukulu timasowa bwanji?

Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana kwa Nkolimbo m'boma la Ntcheu pa mwambo wa Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V. Zithunzi za mwambowu zikayamba kuyenda pa Facebook, ine ndimadumpha za alendo olemekezeka. Ndimafunafuna kamnyamata kaja kamene sikasowa pamzere wa ovina ngoma: kachishango kumanzere, kachibonga kumanja, kakuponda nthaka mwaukali ngati kali ndi ndevu.

Kamwanako sikanadziveke kokha. Alipo amene anakasakira chikopa, alipo amene anakamangirira mangenjeza m'miyendo, alipo amene anakaphunzitsa kaponyedwe ka phazi madzulo kuseri kwa khola. Kakalowa m'bwalo, mayi ake amaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, agogo n'kumasula mfundo ya chitenje kuti akakafupe. Palibe amene amati mwanayu akutaya nthawi.

Ndiye tisanamizane kuti makolo a ku Ntcheu sadziwa kuchemerera ana awo. Amadziwa, ndipo anayamba kalekale. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akakula pang'ono n'kulowa gulu la zisudzo kusukulu, kapena timu ya mpira wa zoni, anthu omwe aja sawonekanso. Ndinakulira m'bomali ndipo ndaonerapo masewero a ana asukulu kambirimbiri. Oonerera amakhala ana anzawo, aphunzitsi awiri atatu, ndi mayi wogulitsa mandasi amene wabwerera bizinesi yake. Mtsikana amalira pasiteji mpaka holo yonse kuti zii, koma kwawo palibe ndi mmodzi yemwe amene wamuona.

Sindikufuna kuwaweruza msanga makolowa. Mayi wogulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu kapena pa Tsangano akachoka pamsewu tsiku limodzi, ndiwo za tsikulo zapita. Nyengo yopalira ikafika, Loweruka ndi tsiku la khasu basi. Ndipo pali china chimene sitichitchula kawirikawiri: kwa makolo ambiri, mawu akuti akukuitanani kusukulu amatanthauza zinthu ziwiri zokha, ndalama kapena mlandu. Mwana wathyola zenera, mwana sanalipire ya chitukuko. Kholo limene lakhala likuitanidwa kukachita manyazi silingathamangire kumeneko mwa lokha. Aphunzitsi akanayamba kuitana makolo pa zinthu zokoma, ndi kalata yotchula dzina la mwana ndi gawo limene akusewera, ndikukhulupirira mabenchi ena akanadzaza.

Komabe ntchito yokha si chifukwa chokwanira, pajatu ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya ndale nthawi imapezeka. Vuto lenileni lili m'mawu amodzi amene tonse tinawamvapo: zamasewera. Ngoma ndi chikhalidwe, kwaya ndi za Mulungu, koma zisudzo, mpira ndi ndakatulo akuti n'zamasewera, zolepheretsa mwana mayeso. Chonsecho ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, lokhudza nyimbo, magule, zisudzo ndi zojambula, ndipo limafunsidwa pa mayeso a Sitandade 8. Mipikisano ya zisudzo ya ATEM m'masekondale cholinga chake n'kunola Chingerezi, phunziro lomwe ukalilephera satifiketi ya MSCE suyiona. Mwana amene waloweza sewero lathunthu n'kulilankhula pamaso pa anthu waphunzira kanthu kamene choko pabolodi sichingamupatse.

Kwa atsikana nkhani imalimba kwambiri. Kholo limaopa ulendo: timu ipita ku boma, ibwerako usiku, akayenda ndi ndani? Manthawa si opusa ayi, mimba za ana asukulu tonse tikuziona m'midzi mwathu. Koma kuletsa si njira yokhayo. Azakhali akhoza kukwera nawo galimoto. Malume, amene kwathu kuno mawu awo amalemera, akhoza kukaonana ndi mphunzitsi wa masewero n'kumva nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Mwana amene akudziwa kuti wachibale ali kunja kwa bwalo amasewera ndi mtima wonse, ndipo wachinyamata wa zolinga zina amayamba waganiza kawiri.

Taonani za Tabitha Chawinga wa ku Rumphi. Iye wanenapo poyera kuti makolo ake sankafuna kuti azisewera mpira ali mwana. Anapita ku Lilongwe n'kusewera mu DD Sunshine, kenako Sweden, China, Italy ndi France. Mng'ono wake Temwa anathandiza ma Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Lero dziko lonse likuwaimbira nthungululu. Ine ndimaganizira atsikana a ku Kasinje kapena ku Bilira amene anali ndi phazi ngati lomwelo, koma mpira wawo unathera pa mawu akuti tsika nazo mbale kumtsinje. Si onse akanafika ku Lyon, n'zoona. Ambiri akanangopeza anzawo abwino, thupi lolimba ndi chifukwa chodzukira kupita kusukulu, ndipo zimenezo si zazing'ono.

Zambiri zimene ana amafuna sizidya ndalama. Kumumasula pa ntchito ya madzulo tsiku lokonzekera. Kumubwereka jekete yakale ya abambo kuti asewere ngati mfumu. Kumufunsa akabwera kuti zayenda bwanji, n'kudikira yankho.

Ifenso a mafoni m'manja tili ndi gawo. Ambiri mwa ife ndife achimwene ndi achemwali amene tili ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo tikaimba foni kumudzi funso limakhala limodzi: wakhala nambala chani? Mng'ono wanga wina ali mu kwaya ya kusukulu kwawo. Teremu yatha ndinapempha mnzake kuti ajambule nyimbo imodzi n'kunditumizira pa WhatsApp, ine n'kuitumiza pa foni ya neba kuti akaonetse amayi. Akuti anaionera katatu, kenako anafunsa kuti kwayayo idzaimbanso liti.