Alendo akachuluka, madzi a ku Venice amada

Mzinda wa Venice, kumpoto kwa dziko la Italy, unamangidwa pa tizilumba toposa 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Pakati pa mzindawu sipayenda galimoto. Anthu amayenda wapansi kapena pa maboti m'ngalande. Kukongola kumeneku kumakopa alendo mamiliyoni chaka chilichonse, ndipo mu 1987 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse.

Koma paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kwa zaka zambiri, sitima zikuluzikulu zonyamula alendo zikwizikwi zinkadutsa m'ngalande ya Giudecca, pafupi ndi bwalo lotchuka la San Marco. Mafunde a sitimazi ndi a maboti a injini ankadya maziko a nyumba zakale n'kumavundula matope, pomwe utsi wake unkaipitsa mpweya.

Nawo eni nyumba anaona kuti mlendo wa masiku awiri amalipira bwino kuposa banja la lendi, choncho mabanja ambiri anasamuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pakati pa mzindawu pankakhala anthu oposa 170,000, koma mu 2022 sanakwanenso 50,000.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo, madzi a m'ngalande anayera mpaka nsomba kumaoneka. Panalibe chozizwitsa. Maboti anangoleka kuvundula matope. Apa aliyense anadzionera yekha chomwe chimadetsa madziwo.

Kuyambira Ogasiti 2021, boma la Italy linaletsa sitima zoposa matani 25,000 kudutsa m'ngalande ija. Mu Epulo 2024, khonsolo ya mzindawu inayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera n'kubwerera tsiku lomwelo pa masiku a chinamtindi cha anthu. Chaka chomwecho analamulanso kuti gulu loyenda ndi wolondolera lisapose anthu 25.

Si onse anakondwa nazo. Tsiku loyamba la msonkhowu, ena mwa eni mzinda anachita zionetsero ponena kuti kwawo si malo a chisangalalo olowa ndi tikiti, ndipo chomwe akufuna ndi nyumba zokhalamo. Dandaulo lawo n'lomveka, chifukwa mayuro 5 sangabweze munthu amene wakwanitsa kulipira ndege.

Chomwe tikuphunzirapo n'chakuti ngakhale dziko lolemera limavutika kukonza zomwe zawonongeka kale. Ndalama za alendo zimadalira madzi oyera ndi malo osamalika, choncho kuwerenga alendo okha osayang'ana zomwe akusiya m'mbuyo n'kudzinamiza.

Nafenso tili pa mndandanda womwewo wa UNESCO. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear inalowamo mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Malamulo a zinyalala, zimbudzi za m'malo ogona alendo ndi kayendedwe ka maboti tiwakhwimitse panopa, madzi akadali oyera.