MCERE WA M'MADZI UPSEREZA MBANDE ZA MKUYU KU KANYAMA

Aliyense wolera mitengo m'zitini ku Kanyama adziwa zoyera zija zimayanga pamwamba pa dothi m'mwezi wa October. Ambiri aziyesa phulusa. Koma ndi mcere umene utsala madzi akauma, ndipo ndiwo upsereza nsonga za masamba ngakhale mwini wace athirire m'mawa ndi madzulo.

Kanyama anamangidwa pa thanthwe la laimu. Madzi a pansi ali pafupi, ndico cifukwa cace komboniyi imasefukira monga inacitira m'caka ca 1978, ndipo zitsime zace zimapereka madzi odzala ndi laimu. Kuonjezera apo, amai pomvera cisoni madzi ogula amathirira mbande ndi madzi ocapira, amene sopo wace ali ndi mcere wa sodium. Mcerewo ukacuruka m'citini mizu ilephera kumwa, ndipo mbande ifa ndi ludzu iri m'dothi lonyowa. Mkuyu waukuru upirira ndithu. Wanthete ndiye sucedwa kufota.

Akatswiri a zomera akhala akuyesa mankhwala ochedwa salicylic acid, mbale wace wa aspirin uja Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer anapanga m'caka ca 1897. Cozizwitsa n'cakuti zomera zimadzipangira zokha mankhwalawa zikakhala pa mabvuto. M'caka ca 1979 R. F. White wa ku Rothamsted, ku England, anapeza kuti fodya wopatsidwa aspirin amalimba ku matenda a tobacco mosaic. Pambuyo pace kunaoneka kuti tirigu, matimati ndi mbande za zipatso zopoperedwa pang'ono zimapirirako mcere: masamba amasunga potassium, sodium wolowamo amacepa, ndipo msipu wace sutha msanga.

Liu lofunika apa ndi lakuti "pang'ono". Muyeso wa akatswiriwo ndi wocepetsetsa, ndipo ukapyola mbande ipinimbira kapena kupsa. Cotero wosungunula mapiritsi a mutu m'botolo mwa kungoganizira akhoza kupha mtengo umene afuna kuupulumutsa.

Ndiponso mankhwalawa sacotsa mcere m'dothi. Nchito imeneyo ndi ya madzi a mvula otunga ku malata. Citini cibooledwe pansi, cithiridwe madziwo kufikira atuluke, ndipo mbande iokedwe pa malo okwera, kutali ndi khoma ndi cimbudzi, pakuti mizu ya mkuyu imang'amba simenti.