Amisiri Aphunzitsa Ana m'Nyumba za Zinthu Zakale

Nyumba yosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Chichiri ku Blantyre imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966, si yongoonerako ai. M'maiko ambiri akuru a nyumba zotere amaitana amisiri osema, oumba ndi ojambula kudzaphunzitsa ana. Mmisiri amayamba waonetsa ana mbiya yakale, ndipo pambuyo pache apatsa mwana ali yense dongo kuti aumbe yache. Mwana akagwira dongo ndi manja ache ndipo adziwa chifukwa chache mbiya imayamba yauma pamthunzi isanaochedwe: ikauma msanga imang'aluka.

Aphunzitsi, musadikire ulendo wa ku tauni. M'midzi mwanu alimo agogo oumba mbiya ndi oluka malichero. Aitaneni ku sukulu akali moyo, pakuti akapita, luso lao lidzapita nao kumanda.